Gulu Lodikira

"Umboni uli kuti, mayi?" anafunsanso mlendoyo, uku akugogoda tebulo ndi cholembera.

Mphunzitsi, amene ankayendetsa pulogalamu ya okalamba, anam'yang'ana. Funsoli linali litabwera kangapo m'mawa womwewo, ndipo iye ankaliyankha ndi mtima wonse, koma mayankho ake ankangogwera pansi. Anayambiranso. Lachinayi lililonse, okalamba odwala matenda oiwalaiwala ankabwera ndi abale awo kunyumba yosungiramo zinthu zakaleyi, imene aliyense ankangoti myuziyamu. Ankalowa m'chipinda choyang'ana kumsewu, chokhacho chimene munalibe magalasi otchinga kapena chikwangwani choletsa kugwira. Munali simbi yamakala, wailesi yamatabwa, sikelo ya m'golosale, chiwongolero cha basi yakale ndi makina osokera opondera. Munthu amene kwawo ankangokhala duu tsiku lonse, akagwira chinthu chimene manja ake anakalamba nacho, pakamwa pankatseguka.

"Ndimawaona ndi maso angawa," anatero. "Amaseka. Amakamba nkhani. Ena mpaka amakangana."

"Maso a mwini ntchito amaona zimene mtima ukufuna," anayankha mlendoyo mofatsa. "Mukuti chikuwathandiza ndi chipinda chanu. Nanga ngati ndi tiyi amene mumawapatsa? Nanga ngati ndi kamphepo ka panjira? Tikuwayerekeza ndi ndani?"

Mlendoyu anali katswiri wochita kauniuni wa mapulogalamu, munthu waulemu wake ndi malaya osita bwino. Dzuwa lisanapendeke, onse ogwira ntchito pamalopo anali atam'patsa kale dzina loti Bambo Umboni, ndipo iye ankavomera osanyinyirika. Sanali munthu woipa ayi. Vuto lake linali limodzi: chimene sanachiyeze, kwa iye chinali chisanachitike.

Abwana, mkulu wa myuziyamu, ankangosisita dazi lawo. Bodi yoyang'anira myuziyamuyo inali itanena mosapsatira kuti chipindacho chili pamalo abwino ogulitsirapo zakumwa. Ngati pulogalamu ya Lachinayi ili ndi phindu, phindulo lioneke. Apo ayi, simbi ndi makina zibwerere kosungira katundu, nkhalamba zikakhale kwawo.

"Ndiye titani?" anafunsa Abwana.

Bambo Umboni anayala dongosolo lake. Choyamba okalamba onse ayesedwe: akuyankhula motani, akuzindikira ndani, akudya okha kapena akudyetsedwa. Kenako agawidwe pawiri. Gulu limodzi lizibwerabe, linalo lidikire kunyumba theka la chaka. Pamapeto onse ayesedwenso, kusiyana kwawo kuoneke.

"Kunena zoona, zikanakhala bwino kutenga anthu atsopano, amene sanalowepo m'chipindamo," anavomereza yekha. "Koma kuti tiwapeze n'kuyamba nawo pafunika nthawi yaitali, ndipo bodi yanu sidikira. Tingoyenda ndi omwe alipowa."

"Nanga odikirawo awasankhe ndani?" anafunsa Mphunzitsi. "Ine sindingaloze munthu chala."

"Asasankhe munthu. Pachitike maere."

Mphunzitsi anali ataphunzitsa ana asukulu zaka zambiri asanabwere ku myuziyamu, n'chifukwa chake dzinalo linam'kanirira. Pa zonse, chimene ankanyadira n'chakuti sankakondera, choncho nkhani ya maereyo inam'khazika mtima pansi. Ndi iye yemwe anaganiza zotenga mabatani a m'chitini cha pamakina osokera, akuda ndi oyera, kuti nkhalambazo zione ngati masewera. Tsikulo anapita kwawo akudzitama mumtima kuti waganiza mwanzeru.

Lachinayi lotsatira chipinda chinadzaza monga mwa nthawi zonse. A Dalaivala, nkhalamba yaphokoso imene inaiwala mayina a ana ake koma osaiwala nthabwala, anali atakumbatira kale chiwongolero.

"Kwerani msanga, Aphunzitsi! Malo atsala amodzi, pafupi ndi ine. Amuna anu sadziwa."

"Basi yanuyo ilibe matayala, agogo."

"Ndiye yabwino imeneyo. Sichita ngozi."

Pakona, pafupi ndi zenera, makina osokera ankalira. A Telala anali atawerama, mapazi akupondaponda, zala zikulondolera kansalu pansi pa singano. Makinawo anali awoawo. Anawapereka okha ku myuziyamu chaka chimene anatseka shopu yawo, mutu udakali bwinobwino, akuti ana a masiku ano adzaone mmene malaya ankabadwira. Tsopano kunyumba ankangokhala pampando kuyang'ana khoma. Akazi awo, amene onse ankawatchula kuti Mayi Telala, akawapatsa madzi, iwo ankathokoza ngati akuthokoza mlendo, mwinanso n'kufunsa kuti, "Kodi mayi inu kwanu n'kuti?" Koma akakhala pamakina zinkasintha.

"Amake mwana, sizasi ija mwaiikanso pati?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ili pamphuno panu pomwepo, bambo."

"Yabunthatu. Mwadulira chiyani? Ndinakuuzani kangati kuti sizasi ya nsalu sadulira mapepala?"

"Ndalakwa ine, sindidzayambiranso."

Mayi Telala ankayankha akumwetulira, misozi ili lengelenge. Kukalipiridwa kumeneko ndiko ankakuvutikira m'mabasi sabata ndi sabata. Pa kanthawi kameneko anali mkazi wa munthu, wodziwika ndi mwamuna wake. Masiku ena onse anali mlendo wosamalira wodwala, ndipo Mphunzitsi ankazidziwa bwino zimenezi.

Tiyi atatha, Bambo Umboni anaimirira n'kulongosola dongosolo lonse pang'onopang'ono, osabisa kanthu. Batani lakuda ndiye kuti muzibwerabe, loyera ndiye kuti mudikire. Abale a odwalawo anagwedeza mitu. Munthu savuta kukangana ndi mlendo wa panjira, koma amene akukupatsa mpando ndi tiyi umangoti inde. Komanso aliyense mumtima ankati tsokalo ligwera mnzake.

Mphunzitsi anayendetsa chitinicho atachivindikira ndi kansalu. A Dalaivala anatulutsa lakuda n'kufuna kulimeza ngati piritsi, chipinda chonse chinafa ndi phwete. Chitini chitafika pakona, a Telala anaimitsa makina, anapukuta dzanja pathalauza, n'kupisa. Batani limene anatulutsa analikweza ku kuwala kwa zenera, n'kulitembenuza.

"La malaya a sukulu ili," anatero monyadira. "Mukamasoka muzipingasa ulusi, apo ayi mwana abwera nalo m'thumba."

Linali loyera. Mayi Telala analiyang'ana, kenako anayang'ana Mphunzitsi. Mphunzitsi anapitirira ndi chitini kwa wina.

Anthu atabalalika, Mayi Telala anasiya amuna awo pabenchi la pakhonde n'kulowa muofesi. Anawapatsa mpando koma sanakhale. Anaima atagwira chikwama chawo ndi manja awiri.

"Mwana wanga, ndabwera kudzadandaula. Zija ndinangovomera, sindinaganize bwino. Theka la chaka n'lalitali kwa munthu ngati awawa."

"Ndikudziwa, mayi. Koma n'kanthawi chabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikapeza umboni, chipinda chino chikhala mpaka kalekale, ndipo iwonso adzabwerera pamakina awo."

"Kudekha n'kwa amene ali ndi mawa. Awa mutu wawo ukutha ngati sopo, tsiku ndi tsiku ukuchepa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga. Asinthanitseni ndi wina. A Dalaivala aja, ngakhale kunyumba amalongolola mpaka anthu kuthawa."

"Ndikasintha mmodzi, maere onse afa. Mawa abwera wina, nayenso ndi chifukwa chake chomveka. Bodi idzati tinasankha tokha, n'kutaya kauniuni yense, chipinda n'kupita."

Mayi Telala anayesa njira ina.

"Chabwino. Ndiye tibwerekeni makina athu. Tikawaika pabalaza, azikaponda kunyumba. Nthawi yanuyo ikakwana tidzabweza."

Mphunzitsi anaona kuti imeneyo ndi nzeru, ndipo anathamangira kwa Abwana. Iwo anapukusa mutu iye asanamalize n'komwe. Makinawo anali atalembedwa nambala kunsi kwa thabwa lake, ndipo chinthu chikalandira nambala ya myuziyamu sichitulukanso pageti, ngakhale mwini wake atachilirira. Lamulo limenelo linaikidwa ndi cholinga chabwino, kuteteza katundu kwa adzukulu adyera amene amabwera kudzalanda zimene agogo awo anapereka. Bambo Umboni, amene anali pomwepo, anawonjezera mwaulemu kuti ngakhale lamulo likanalola, munthu amene akuponda makina kunyumba sangatchedwenso wodikira.

Mphunzitsi anabwerera chimanjamanja. "Akana, mayi. Akuti makinawo tsopano ndi a myuziyamu."

"A myuziyamu," anabwereza Mayi Telala. "Ana anga onse anaphunzira ndi makina amenewo. Ndawapukuta fumbi ine chikwatiwire. Lero asanduka a nambala."

Sanakweze mawu. Anatuluka, anakonza kolala ya amuna awo, n'kuwagwira mkono kulowera kokwerera basi.

Masabata anayenda. Chipinda cha Lachinayi chinakula mwadzidzidzi, mipando ina ili yopanda anthu, ndipo makina ankangokhala ovindikira pokhapokha wina akafuna kuwaseweretsa. Dongosolo linkati Mphunzitsi aziimbira foni a gulu lodikira nthawi ndi nthawi, kuti adziwe ngati sanasamuke. Ntchito imeneyi ankaizengereza mpaka itam'panikiza, ndipo nambala ya Mayi Telala ankaiimba pomalizira.

"Ali bwanji agogo?"

"Alipo. Ndinabwereka makina amagetsi kwa aneba. Nditangowakhudza analira ngati mavu, awa n'kubisa manja kukhwapa. Ndinapita nawonso kwa telala wina kumsika, wa makina opondera. Anawapatsa mpando, mwana wabwino ndithu, koma awa anangoti, 'Si anga awa,' basi."

"Limbani mtima, mayi. Nthawi ikuyenda."

"Ikuyendadi," anayankha Mayi Telala, n'kudula foni.

Lachinayi lina, kunja kukuwaza kamvula, Mphunzitsi anatsegula chitseko cha chipindacho kuti akatenge ketulo, ndipo anangotsala pang'ono kuwombana ndi munthu. Anali a Telala, okha. Anavala jekete yawo yabwino, yonyowa m'mapewa, nsapato zosiyana, tepi yoyezera ili m'khosi. Mmene anayendera ulendo wonsewo, mabasi ake ndi misewu yake, palibe amene anadziwa.

"Mwadzuka bwanji, Aphunzitsi?" anatero. "Pepani ndachedwa."

Mphunzitsi anadabwa. Nkhalambayo inali isanam'tchulepo dzina kunja kwa chipindacho. Mkati, gogo wina wamkazi anali atavundukula makina ndipo ankawaponda mwachisawawa. A Telala anapendeketsa mutu.

"Ndani akuponda makina anga? Akuwabweza m'mbuyo, ulusi uduka. Lambanso wakhwepa, simukumva?"

Anasuntha kuti alowe. Mphunzitsi anacheuka. Bambo Umboni anali pampando wake wa kukhoma, kumene ankakhala poonerera. Anadzutsa maso, anaona amene anali pakhomo, n'kuwagwetsanso. Nkhani yonse inatsalira Mphunzitsi yekha.

Mtima unati aloleni, kamodzi kokha, avulala ndani? Koma sabata yathayo anali atakaniza banja lina la batani loyera, mwana wawo akuchonderera pafoni. Akalola awa, enawo adzawauza chiyani? Anaona a Dalaivala ndi chiwongolero chawo, anaona gogo wina ali pasikelo akuyeza nyemba zouma, ndipo m'maganizo anaona mafiriji a zakumwa ataimikidwa pamalo pawo. Anatambasula mkono n'kugwira mphuthu ya chitseko.

"Agogo, lero makina akukonzedwa. Mubwere tsiku lina."

"Wokonza wake ndine."

"Tsiku lina, agogo."

A Telala anam'yang'ana nthawi yaitali. Anali munthu amene moyo wake wonse sanalowepo pakhomo la eni mokakamiza, ndipo khalidwe limenelo matenda anali asanalidye. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuwerama.

"Pepani, ndakusokonezani."

Nthawi yomweyo Mayi Telala anatulukira pakhonde ali wefuwefu, mpango uli pambali, matope mpaka m'mawondo. Anali atawafunafuna kuyambira m'mawa, kumsika, kuchipatala, ngakhale m'ngalande. Atawaona anagwira pamtima. Kenako anaona mkono uja uli pachitseko.

"Afika okha mpaka pano, mwana wanga," anatero. "Munthu wosadziwa khomo la bafa m'nyumba mwake, wafika yekha mpaka pano. Ndiye mwawabweza?"

"Mayi, kwatsala pang'ono, ndikulonjeza kuti..."

"Tiyeni, bambo. Tiyeni kwathu."

Mphunzitsi anawayang'ana mpaka anatuluka pageti, nkhalamba ikucheukacheuka kumene kunkalira makina. Analowa kosungira katundu, anatseka chitseko, n'kulira ngati mwana. Anadzida tsiku limenelo, ndipo sanafune n'komwe kudzikhululukira. Koma misozi itatha anapukuta nkhope, anadziuza kuti walira mvula walira matope, n'kukatenga ketulo, poti anthu ankadikira tiyi.

Theka la chaka linatha. Tsiku loti a gulu lodikira abwerere, Mphunzitsi analawirira. Anathira mafuta makina, anamangitsa lamba, anaika singano yatsopano ndi kansalu koyera bwino. Ankagwira ntchitoyo mothamanga, ngati kuti akafulumira iye, china chake chibwerera msanga.

Odikirawo sanabwere onse. Gogo mmodzi anali atamwalira, wina ana ake anam'tengera kutali. A Telala anafika pomalizira, mbali iyi akazi awo, mbali inayo mlonda wa pageti atawagwira mkono. Jekete inali yomweyo, koma inkangolendewera.

"Alamu!" anafuula a Dalaivala. "Munatsikira pati? Takudikirani pasiteji mpaka mafuta kutha!"

A Telala sanacheuke. Anawakhazika pamakina, pakona pawo pomwe paja. Anaika manja pamaondo n'kumayang'ana khoma. Mphunzitsi anagwada, ananyamula mapazi awo limodzilimodzi n'kuwaika pachopondera.

"Agogo, makina anu aja awa. Lamba ndamangitsa. Tamvani."

Anazunguza gudumu ndi dzanja. Makina analira bwino, mawu ake akale. A Telala anadzidzimuka n'kuchotsa mapazi.

"Osagwira," anatero motsitsa. "N'za eni."

Mayi Telala anatenga sizasi patebulo n'kuionetsa pamaso pa amuna awo.

"Bambo, sizasi yanu iyi. Ndadulira mapepala. Mwamva? Mapepala ambirimbiri, ndi makatoni omwe."

Anadikira. A Telala anayang'ana sizasiyo, anayang'ana amene anaigwira, n'kugwedeza mutu mwaulemu.

"Zikomo, mayi."

Mayi Telala anaibweza sizasi patebulo mosamala, anapita pampando wawo wa kukhoma, nakhala. Sanalire. Mphunzitsi akanakonda akanalira, kapena akanam'tukwana pamaso pa anthu onse.

Madzulo ake, akusonkhanitsa makapu, Bambo Umboni anabwera kudzam'thandiza, chinthu chimene anali asanachitepo. Nkhope yake inali yogwa.

"Musadzipweteke mtima, mayi," anatero. "Matenda amenewa amayenda okha. Mwina zikanachitikabe ngakhale akanamabwera."

"Mwina. Nanga a Dalaivala ndi anzawo bwanji sanatsike chonchi?"

Onse awiri ankadziwa yankho lake, poti kusiyana kumeneko ndi kumene anakhala akukufunafuna miyezi yonseyi.

Lipoti linatuluka labwino kwambiri. Pamsonkhano wa bodi, Bambo Umboni anaonetsa pakhoma mizere iwiri. Wa gulu lobwera unkatsika pang'onopang'ono, wa gulu lodikira unkagwa ngati munthu waterereka pachitunda. A bodi anaomba m'manja. Za mafiriji zija palibe anazitchulanso, ndipo mkulu wina amene poyamba ankati nkhalamba zimangotha tiyi ndiye anayamba kunena kuti iye anazikhulupirira kuyambira pachiyambi. Chipinda cha Lachinayi chinapulumuka.

"Wagwira ntchito, mwana iwe," anatero Abwana atatuluka, dazi likunyezimira ndi chimwemwe. "Anzathu a m'mizinda ina amva, akufuna kauniuni ngati yemweyu pa mapulogalamu awo. Upite ukawaonetse mmene tinachitira, ndi maere ako aja omwe."

"Sindipita, bwana. Akafuna, akayese anthu amene sanayambe. Woyamba kale asam'chotse."

"Nthawi yake alibe, ukudziwa mmene mabodi alili." Abwana anam'yang'ana, n'kuganiza kuti watopa. "Chabwino, pumula. Tituma wina."

Loweruka lake Mphunzitsi anakwera basi, anatsika, n'kukwera ina, njira yomwe Mayi Telala ankayenda sabata ndi sabata. Anali asanafikeko chiyambire. Inali nyumba yaing'ono kumapeto kwa kamsewu, zovala zili pachingwe, zambiri mwa izo zofunda. A Telala anali pakhonde, pampando wotsamira, bulangete lili m'miyendo. Akazi awo ankawapukuta pakamwa ndi kansalu, mbale ili pambali, chakudya chachepa pang'ono chabe.

Anapatsana moni. Mayi Telala anam'kokera kampando, poti mlendo ndi mlendo ngakhale amene anakulakwira.

"Mwaupeza umboni wanu uja?"

"Taupeza, mayi. Chipinda sichitsekedwa. Ndabwera kudzakuuzani ndekha kuti khomo n'lotsegula. Lachinayi lililonse, ngakhale tsiku lina lililonse limene mungafune, ndidzakutsegulirani."

Mayi Telala anapinda kansalu kaja pawiri, n'kukapindanso. Analoza amuna awo ndi chibwano.

"Umboniwo ndi awa?"

Mphunzitsi akanatha kuzemba. Akanati lipoti silitchula munthu dzina, akanati matenda amayenda okha. Koma anali atanama kale kamodzi pakhomo lija, ndipo sanafune kubwerezanso.

"Ndi iwo, mayi. Iwo ndi anzawo."

"Ndiye agwira ntchito mpaka kumapeto," anatero Mayi Telala. "Sankakonda kukhala chabe awa. Anzawo aja azisangalala, ine sindiwachitira nsanje. Koma Lachinayi musatidikire. Miyendo yakana, ndipo kumeneko sakudziwako kanthu. Malo awo mupatse wina."

"Mayi, ndikhululukireni."

Mawuwo anatuluka ophwanyika. Mayi Telala anam'yang'ana, osati mwaukali, koma ngati munthu amene wafunsidwa chinthu chimene alibe m'nyumba.

"Mwina ndidzakhululuka, mwana wanga. Lero ndilibe mpata. Kwayamba kuzizira, ndipo aneba amene amandithandiza achoka. Poti mwabwera, gwirani mbali iyo tiwalowetse."

Mphunzitsi anaika chikwama pansi. Anapisa mkono umodzi kumsana kwa nkhalambayo, wina pansi pa maondo, n'kulimbitsa miyendo kukonzekera kulemera. Atanyamula, anapeza kuti a Telala anali opepuka moti akanatha kuwalowetsa yekha.